Ilala: Mudzi Woyenda pa Madzi a Nyanja ya Malawi

Ana athu a ku Petauke ndi ku Nyimba akalowa m'kalasi amaphunzira Chinyanja, ngakhale kuti kunyumba ambiri amalankhula Chinsenga. Dzina lakuti Chinyanja litanthauza chilankhulo cha anthu a kunyanja. Komatu titati tifunse m'midzi ya Mfumu Kalindawalo kapena ya Mfumu Ndake kuti ndani anaionapo nyanjayo ndi maso ake, oyankha angakhale owerengeka. Madzi aakulu amene ambiri a ife tiwadziwa ndi a mtsinje wa Luangwa, amene timawasuzumira pa zenera la basi powoloka mlatho pa ulendo wa ku Lusaka. Sitima za pamadzi timangoziona pa wailesi yakanema ndi pa mafoni, ndipo timaziyesa zinthu za anthu olemera a maiko akutali.

Mwezi uno tafuna kuti tiyendere limodzi pa sitima imene ili pafupi nafe koposa mmene ambiri aganizira. Munthu wonyamuka pa Petauke mbandakucha, nadzera ku Sinda, Katete ndi Chipata, angathe kugona ku Lilongwe tsiku lomwelo, ndipo mawa lake phazi lake liponda mchenga wa kunyanja. Kumeneko kuli sitima yotchedwa Ilala, imene yakhala ikunyamula anthu ndi katundu wawo chiyambire chaka cha 1951. Alendo ochokera ku Ulaya amaikwera kuti apumule ndi kuona malo, koma kwa eni nyanja sitimayi ndiyo msewu, ndiyo msika, ndiyonso galimoto yonyamula odwala. Wokwerapo amaziona zonsezi pa ulendo umodzi.

Sitima za chisangalalo

Tiyambe ndi zimene timaona pa kanema zija. M'maiko a kunja muli sitima zikuluzikulu zimene ntchito yake ndi kusangalatsa anthu basi. Imodzi mwa zazikulu koposa ndi Icon of the Seas, ya kampani ya Royal Caribbean, imene inayamba maulendo ake mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami, m'dziko la America. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 365, ndiye kuti kuposa mabwalo atatu a mpira oikidwa mondondozana. Ingathe kunyamula alendo okwana 7,600, pamodzi ndi antchito oposa 2,000 owaphikira, kuwachapira ndi kuwayalira pogona. M'katimo muli nyumba zodyera zambirimbiri, masitolo, maiwe osambiramo ndi mabwalo a zisudzo, kotero kuti munthu angathe kutha mlungu wathunthu osakumbuka n'komwe kuti ali pamadzi.

Kayendedwe ka sitima zoterezi n'kofanana. Kawirikawiri zimayenda usiku, m'mawa n'kukocheza pa doko la mzinda kapena la chilumba. Alendo amatsika, nazungulira kwa maola ochepa akujambula zithunzi ndi kugula tizinthu ta chikumbutso, ndipo dzuwa likapendeka amabwerera msanga sitima isanawasiye. Kuno kummwera kwa Africa, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban m'miyezi yotentha kupita ku magombe ndi zilumba za ku Mozambique. Koma mtengo wa ulendo wotere, tikaphatikizapo wa ndege kapena wa basi yokafikira ku Durban, ungameze matumba ambirimbiri a mtedza ndi mpendadzuwa, ndipo banja la mlimi silingaulote.

Kuno ku Zambia, amene anakhalako ku Mpulungu akumbukira Liemba, sitima ya pa nyanja ya Tanganyika imene Ajeremani anaipanga mu 1913, ndipo kwa zaka zambiri inkabwera kuchokera ku Kigoma. Koma kwa ife a kummawa, ku Mpulungu n'kutali. Yathu yapafupi ndi Ilala. Kutalika kwake ndi mamita 52 okha, kotero kuti pangafunike sitima zisanu ndi ziwiri za msinkhu wake kuti zilingane ndi chimphona cha ku Miami chija. Pa iyo palibe dziwe losambiramo kapena bwalo la zisudzo. Zokaona zake zili panja, pa madzi ndi pa madoko, ndiponso pakati pa anthu okwera.

Dzina lochokera tsidya la Luangwa

Munthu akaima pa Nyimba nayang'ana kumpoto, kuseri kwa chigwa cha Luangwa ndi mapiri a Muchinga kuli dziko la Alala. Kumeneko, m'mudzi wa Mfumu Chitambo, ndiko kumene David Livingstone anamwalira mu Meyi 1873. Anzake a pa ulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumitsa mtembo, naunyamula mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere. Dera limene anaferalo azungu ankalilemba kuti Ilala.

Patapita zaka ziwiri, mu 1875, amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi Edward Young, amene pakati pawo panali Dr Robert Laws, anabwera ndi kasitima koyendera nthunzi kamene anakatcha Ilala pokumbukira malo amenewo. Anakwera nako mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo atafika pa mathithi anakaphwasula. Amuna mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu ulendo wa masiku angapo, kukazilumikizanso kumtunda kwa mathithiwo. Pa 12 Okutobala 1875 kasitimako kanalowa m'nyanja, ndipo kanali koyamba koyendera makina pa madzi amenewa.

Ilala ya lero ndi yachiwiri kutchedwa dzinali. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mu mzinda wa Glasgow, ndipo nayonso inabwera zidutswazidutswa, pa nyanja ya mchere mpaka ku Beira, kenaka pa njanji mpaka ku Chipoka. Anailumikiza ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951. Makina ake asinthidwapo, koma thupi lake ndi lomwe lija. Pamene inkayamba kuyenda, Zambia ndi Malawi anali asanalandire ufulu, ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson.

Moyo wa m'sitima

Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yakuti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, nikafika Lamulungu ku Chilumba, makilomita pafupifupi 480 kumpoto, kenaka n'kubwerera kudzafika kwawo Lachitatu. Amene afuna kuzungulira ulendo wonse amagona m'sitima usiku usanu. Ambiri amakwera pa doko lina n'kutsika pa lina, monga momwe timachitira ndi basi za pa Great East Road.

Sitimayi ili ngati nyumba yosanjikizana, ndipo tikiti ya munthu ndiyo imanena pamene akakhale. Pamwamba penipeni pali bwalo lopanda makoma, lokhala ndi mthunzi ndi pogulitsira zakumwa. Apa mphepo imapita bwino, ndipo usiku anthu amayala matiresi obwereka kapena mphasa zawo n'kugona akuyang'ana nyenyezi. Pansi pake pali tizipinda towerengeka tokhala ndi mabedi, pamodzi ndi chipinda chodyeramo cha matebulo. Tizipindati n'todula, ndipo timafunika kusungitsa nthawi ikalipo. Kutsikanso pansi ndiko kumene kuli anthu ambiri. Mbali ina ili ndi mipando yofewa, ina mabenchi a matabwa ndi pansi penipeni, pafupi ndi chipinda cha makina chimene chimatentha ndi kulindima usana ndi usiku.

Pansipa ndipo pali mudzi weniweni. Matumba a chimanga ndi a ufa wa chinangwa, mitanga ya usipa wouma, malata, simenti, njinga, mikoko ya nthochi, nkhuku zomangidwa miyendo, nthawi zina ndi mbuzi zomwe, zonse zimapeza malo, ndipo eni ake amakhala pamwamba pa katundu wawo kumulondera. Amayi amayala zitenje m'njira n'kugoneka ana, motero wodutsa ayenera kuponda mosamala, zikomo ali pakamwa. Kukhitchini ya pansi kumagulitsidwa nsima, mpunga, nyemba ndi nsomba pa mtengo umene munthu wamba angaukwanitse. Pa benchi limodzi pamamveka Chichewa, Chitonga, Chitumbuka ndi Chiyao, komanso Chinyanja cha ku Likoma chimene kamvekedwe kake n'kosiyana pang'ono ndi kathu. Mnsenga akatsegula pakamwa, sipatenga nthawi kuti wina amufunse kuti, "Kodi achimwene, kwanu n'ku Zambia?"

Amene anazolowera basi amadabwa ndi kayendedwe ka nthawi. Basi ikaima pa Nyimba, okwera amathamangira kukagula nthochi, dalaivala akuliza kale huta. Sitima ilibe changu chotero. Imaima pa doko kufikira thumba lomaliza litakwezedwa, kaya patenga maola awiri kaya asanu ndi limodzi, ndipo kuchedwa kwa pa doko limodzi kumautsata ulendo wonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu amathera nthawi pa bawo, pa makhadi ndi pa nkhani, ndipo amene anakwera osadziwana, pofika tsiku lachiwiri amakhala akugawana ndiwo ndi kulererana ana.

Nanga nyanjayo tiifotokoze bwanji kwa munthu amene sanaionepo? Kutalika kwake ndi makilomita oposa 550, ndiye kuti ngati kuchokera ku Lusaka kukafika ku Chipata. Pena m'lifupi mwake ndi makilomita 75, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Akatswiri amati ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Usiku wopanda mwezi pamaoneka nyali mazanamazana za asodzi a usipa, ngati tauni yoyandama. Masana nthawi zina pamaoneka ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa madzi, mlendo n'kuyesa kuti bwato likupsa. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zosawerengeka, timene anthu a kugombe amatigwira tikafika kumtunda n'kutisandutsa ndiwo.

Pa madoko

Huta ya sitima ikalira, mudzi wonse wa kugombe umadziwa. Pa madoko ambiri palibe pokocheza, motero sitima imaponya nangula patali, amalinyero n'kutsitsa maboti awiri a injini amene amapachikidwa m'mbali mwake. Okwera amatsika pa makwerero kulowa m'boti limene likuvinavina ndi mafunde. Makanda amapatsirana m'manja, katundu amaponyerana, ndipo pofika kugombe munthu amavula nsapato, napinda buluku kapena chitenje, n'kuyenda m'madzi ofika m'maondo, pena m'chuuno. Mabwato a mitengo amazungulira sitima kugulitsa nsomba, zipatso ndi chinangwa chophika. Izi zimachitika masana kapena pakati pa usiku, malinga ndi nthawi imene sitima yafika.

Limodzi mwa madoko akale pa njirayi ndi Nkhotakota, tauni ya mpunga ndi mizikiti. M'zaka za m'ma 1800 pamalopa panali msika waukulu wa akapolo ndi minyanga ya njovu, wolamulidwa ndi Jumbe, Mswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere. Anthu ogwidwa kumadzulo, ena a iwo m'madera amene lero ali mu Zambia, ankawaoloketsa pa ngalawa za matanga kupita tsidya la kummawa, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. Mtengo wa mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 amausonyeza kwa alendo. Wa ku Petauke akaima pamenepo ayenera kulingalira kuti mwina ena mwa amene anaona mtunda wa kwawo komaliza pa gombe limeneli anali a mtundu wake. Komanso njirayo inayendedwa mobwerera ndi anthu a mtendere. Ku Chia, kummwera kwa Nkhotakota, ndiko kwawo kwa Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican amene anatumidwa kudzayambitsa mishoni ya Msoro kuno kummawa kwa Zambia, namwalira komweko mu 1913.

Kuchoka pa Nkhotakota sitima imadula nyanja kulunjika ku Likoma ndi Chizumulu, zilumba ziwiri za Malawi zimene zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Pa Likoma mapiri a ku Niassa amaoneka pafupi, ndipo mabwato amaolokera ku Cobue kawirikawiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa zilumba ziwirizi. Nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga, yodzala ndi milambe, ndipo siingadyetse anthu onsewo. Chimanga, shuga, sopo, simenti ndi mabuku a kusukulu, zambiri zimabwera pa madzi. Sitima ikaima milungu ingapo kuti ikonzedwe, mitengo ya zinthu m'magolosale imakwera, usipa wa asodzi umavuta kufika ku misika ya kumtunda, ndipo wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu cha ku Mzuzu amadalira maboti ang'onoang'ono. Sitima ya ku Miami ija ikaleka kuyenda, alendo amangosintha masiku a tchuthi chawo. Ilala ikaleka, zimamveka mumphika wa banja lililonse pa chilumba.

Pa Likoma sitima imaima nthawi yokwanira kuti mlendo akwere kamtunda kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, cha mpingo wa Anglican. Anayamba kuchimanga mu 1903, nachipatula mu 1911, pa malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ndi nyumba ya miyala ndi njerwa yotalika pafupifupi mamita 100, yodabwitsa kuipeza pa chilumba chaching'ono chotero. M'katimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo. Motero mlendo wa ku Zambia, amene wabwera pa sitima ya dzina la kwawo, amapezanso kamtengo ka kwawo pakati pa nyanja. Wamwayi amakumanizanso gule wa malipenga, amuna atavala zoyera ngati asilikali, akuguba mwaulemu ndi kuliza malipenga a zikho.

Doko la phokoso koposa ndi Nkhata Bay, kwawo kwa Atonga. Pano katundu wambiri amatsika ndi kukwera, pakuti msewu wa ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, umayambira pomwepa. Sitima imaima maola ambiri, ndipo mlendo angathe kupita kumsika kukalawa kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, ndi nsomba za tsiku lomwelo. Atonga ndi anthu oyenda. Ambiri anagwirako ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, ku Harare ndi ku Johannesburg, kotero kuti si chachilendo kupeza nkhalamba imene imadziwa misewu ya ku Kitwe kuposa ife eni dziko. Dokoli lilinso ndi chilonda chake. Pa 3 Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, asilikali anaombera khamu limene linasonkhana kufuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Amalawi amalikumbukira tsikuli chaka ndi chaka.

Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amatsikira m'madzi mwachindunji. Midzi ya Usisya, Ruarwe ndi Tcharo yakanirira m'tizigwa ta patsinde pa mapiriwo, ndipo ku ina mwa iyo galimoto sifika. Kuno tsiku la sitima ndilo tsiku la msika ndi la kulandira alendo. Ana amathamangira kugombe huta isanamalize kulira, mphunzitsi amabwera kudzalandira mabuku, wagolosale kudzawerenga makatoni ake, ndipo mayi wa pakati amene nthawi yake yayandikira amakwezedwa m'boti mosamala kuti akadikirire ku chipatala. Sitima ikachoka, pagombe pamakhala zii kufikira itabwereranso. Ulendo wa kumpoto umathera pa doko la Chilumba, m'boma la Karonga, dera la mpunga wa Kilombero. Pamwamba pa phiri chakummwera kwake pali Livingstonia, kumene Dr Laws uja, amene anabwera ndi Ilala yoyamba, anakhazikitsa mishoni yake mu 1894.

Nyanja ili ndi ukali wake

Tisakunamizeni kuti ulendowu ndi wa chisangalalo chokhachokha. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu. Pa masiku otero sitima imapendekera uku ndi uku, mbale zimagwa pa matebulo, ndipo ngakhale amuna olimba amagwidwa chizungulire ndi mseru. Pa 30 Julayi 1946 sitima yotchedwa Vipya, imene inali itangoyamba kumene ntchito, inagubuduzika ndi namondwe chakufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Ilala inabwera kudzalowa m'malo mwake.

Iyo yapirira anamondwe ambiri, koma yakalamba, pakuti yapyola zaka 70 ili pa madzi. Imafunika kuima kawirikawiri kuti ikonzedwe, ndipo ku Malawi kwakhala kukukambidwa kwa nthawi yaitali za kupeza ina yoilowa m'malo. Kwa wokwera wamba, nthawi yofunika kuchenjera kwambiri ndi ya maboti opita kugombe aja. Anthu amalimbirana malo, wina aliyense akufuna kukhala woyamba, ndipo boti limadzaza kupyola muyeso. Kholo lanzeru limadikira ulendo wachiwiri kapena wachitatu wa boti, khamu litachepa, ndipo sililola mwana kutsika makwerero popanda wamkulu womulandira pansi. Pokwera m'sitima n'kwabwino kufunsa amalinyero kumene kuli majekete othandiza kuyandama, ndi kusonyeza ana malowo kukali kowala. Ife a kumtunda ambiri sitidziwa kusambira, ndipo kuvomera zimenezi pamaso pa eni nyanja kulibe manyazi.

Kwa ofuna kupita

Mzika ya Zambia siifunika viza polowa m'Malawi, koma mapepala oyendera a aliyense, ndi a ana omwe, ayenera kukhala okonzeka. Chiyambire Disembala 2022, pa malire a Mwami ndi Mchinji maofesi a maiko awiriwa ali pamalo amodzi, ndipo zimenezi zachepetsa nthawi yodikira. Ndalama za maiko onse awiri zimatchedwa kwacha koma mphamvu zake n'zosiyana, motero sinthani ku banki kapena ku malo ovomerezeka, ndipo nyamulani za m'manja zokwanira pakuti pa madoko ang'onoang'ono palibe banki. Kuchokera ku Lilongwe kuli basi za ku Monkey Bay, za ku Nkhotakota kudzera ku Salima, ndi za ku Mzuzu kwa ofuna kukwerera pa Nkhata Bay.

Musananyamuke pakhomo funsani ngati sitima ikuyenda mlungu umenewo ndi madoko amene ikuima, pakuti ndondomeko imasintha. Siyaninso tsiku limodzi kapena awiri opanda pangano lililonse pobwerera. Sikofunika kuzungulira nyanja yonse. Banja la ndalama zochepa lingakwere pa Nkhata Bay kupita ku Likoma, n'kudikira sitima yomweyo kapena boti lina pobwerera, ndipo lidzakhala litaona zambiri. Nyanja imakhala yodekha mwera ukatha, cha mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi imenenso mlimi amakhala atagulitsa zokolola. Tchuthi cha ana cha mu Epulo nachonso chimagwa pa nyengo yabwino, mvula itatha ndipo mwera usanayambe, kungoti m'thumba mumakhala mukali mopepuka.

Tengani bulangete pakuti usiku pa madzi pamazizira, madzi akumwa, kamba wa pa ulendo, tochi, ndi neti yoteteza ku udzudzu ya pogona kumtunda. Musalole ana kusamba m'madzi odekha a m'bango pafupi ndi midzi, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo amene wasambako akayezetse ku chipatala atabwerera. Pa madoko kumbukirani kuti muli pakhomo pa anthu. Perekani moni, pemphani musanajambule munthu, ndipo musanyoze ndiwo kapena kalankhulidwe ka eni ake. Ukapita kwa eni siya phazi, usasiye mlomo.

Tidziwa kuti kwa mabanja ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba ndalama ya ulendo wongokaona malo imapikisana ndi ya feteleza ndi ya yunifomu. Koma zimene banja limodzi silingathe, gulu lingathe. Amayi a chilimba, alimi a kopaletivu, aphunzitsi ndi ana a sukulu ya sekondale angasonkhe pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi, nakwera pansi pomwe pamakwera eni nyanja, pamene mtengo uli wotsika ndipo nkhani zili zambiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana amene waona mmene thumba la chimanga limafikira pa Likoma, ndi mmene mayi wa ku Ruarwe amafikira ku chipatala, adzauona msewu wa phula wodutsa pakhomo pawo ndi maso ena. Ndipo popeza sitimayi yakalamba, amene afuna kuikwera asazengereze zaka zambiri.